Mphaka wa a Phungu ndi Nkhunda za Mkamwini

Kutsidya kwa mlatho munalonjeza uja,
M'mapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi.
Lachiwiri, 14 Novembala 1995.

Kwa Olemekezeka a Phungu a dera lathu,
Nyumba ya mpanda wa njerwa,
Ku Lilongwe.

Olemekezeka,

Ndagwada. Ndikudziwa kuti simukundiona, koma khulupirirani kuti kalatayi ndinaiyamba mawondo ali pansi, ndipo ndakwera pampando pokhapokha bondo lakumanzere litayamba kudandaula. Ine ndine Bonifasi Kalumbu, mlimi wa fodya ndi mtedza, woimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Simungandikumbuke, ndipo sindikukuimbani mlandu. Tsiku lija munabwera kudzapempha mavoti, ndine ndinasenza mpando wanu wandalema kuchokera kusukulu mpaka pabwalo, ndipo inu, mwa chisomo chanu, munandigwira paphewa n'kunditchula kuti a Fulanki. Dzinalo ndikulisungabe bwino, sindinaligwiritsepo ntchito.

M'mbuyomu ndinakulemberani makalata atatu kudzera kwa a tcheyamani a nthambi yathu, monga mwa dongosolo. Onse atatu anafika bwino m'manja mwawo, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti pepala lake limapichira bwino chingambwe. N'chifukwa chake iyi ndaipereka kwa a Mahamadi a golosale, amene mawa akupita kukapikula katundu kutauni. Ndailemba pawiri: ina akasiya pageti panu, ina kunyuzipepala, pakuti akuti masiku ano nyuzipepala zachuluka kuposa nkhani zoti zilembe, ndipo aliyense ali ndi ufulu wolankhula. Ndati nanenso ndilaweko.

Nkhani yanga ndi yaying'ono, yosayenera n'komwe kusokoneza munthu amene akusenza dziko. Loweruka likubwerali ankhoswe akhala pansi kuti aone ngati ndipitirize kukhala ndi mkazi wanga Debora, kapena ndikulunge mkeka wanga ndibwerere kwathu ku Ntchisi. Ine ndine mkamwini pamudzi pano, ndipo chaka chino ndi cha makumi awiri ndi zitatu. Amene wandifikitsa pamenepa ndi mphaka wanu. Koma musaganize kuti ndikudandaula, ayi. Ndalemba kuti ndithokoze, ndipo zothokozazo ndaziika manambala kuti alembi anu asavutike.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha mphakayo.

Ife, pokhala anthu osaphunzira, tinakupemphani mlatho pamtsinje uja umatitsekereza kuchigayo ndi kuchipatala mvula ikangogwa kawiri. Amayi anapempha mjigo. Inu munamva, munagwedeza mutu, munalemba m'kabuku, ndipo patatha chaka munabwera ndi amphaka khumi ndi awiri m'makatoni a sopo. Munatifotokozera kuti akatswiri anakhala masiku anayi kuhotela n'kupeza kuti umphawi wa kumudzi umayambira m'nkhokwe, mmene makoswe amatha chimanga, ndiye nthambi iliyonse ya chipani ilandira mphaka mmodzi. Tinachita manyazi kwambiri kuti zaka zonsezi takhala tikuwoloka mtsinje madzi ali m'khosi, osadziwa kuti vuto lathu ndi makoswe. Amayi anaimba nthungululu. Kenaka a Felton, dalaivala wanu, anatsegula dengu, ndipo m'menemo munatuluka nkhunda zoyera mbee, zimene zinazungulira bwalo kawiri n'kuyamba ulendo wa kwanu. Munatiuza kuti ndi za m'khola mwanu, ndi kuti kwanuko nkhunda n'zosawerengeka chifukwa inu ndi Madamu simunayambe mwakwezerana mawu. Ndinaomba m'manja kuposa aliyense, chifukwa nkhani ya nkhunda ndimaidziwa.

Mphaka wa nthambi yathu anali wamkazi, woyera, wa banga lakuda pamphuno, wokulira m'nyumba ya kapeti. Munamutcha Chitukuko, munamumanga kansalu ka chipani m'khosi, n'kumupereka m'manja mwa a tcheyamani, a Kalebe. Mwina simukudziwa kuti a Kalebe omwewo ndi atsibweni a mkazi wanga, eni mbumba, ndipo khomo lawo ndi langa zinalekana ndi mpanda wa nkhadze wokha.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha maleredwe ake.

Chitukuko si mphaka wamba ngati athu akumudzi aja amadya chilichonse. Tsiku loyamba a Kalebe anamulowetsa m'nkhokwe, mudzi wonse utazungulira kuti uone ntchito ikuyambika. Anakumana ndi khoswe maso ndi maso, analira ngati khanda, anatulukira padenga, ndipo anatsika pokhapokha atamubweretsera makwerero ndi mbale ya mkaka. Chiyambire tsiku limenelo iye ndi makoswe anagwirizana kuti asamasokonezane: iwo m'nkhokwe, iye pakhonde. Mgwirizano umenewo ndi wokhawo m'dera lanu lino umene sunasokonekepo. Makoswe anenepa, ena akuchita kuyenda masana, ndipo ndikukhulupirira kuti pa chisankho chikubwerachi mavoti awo onse ndi anu.

Njala iye saidziwa. A Kalebe amamugulira mkaka wa m'chitini ndi usipa, zinthu zimene adzukulu awo amaziona pa Khirisimasi. Ndiye akakhuta, n'kudzinyambita, amatuluka kukasaka mwamasewera chabe, monga amachitira mabwana. Zambiri zimene wapha sadya n'komwe. Amangozibweretsa pakhomo n'kuziyala bwinobwino, kuti tione lipoti la ntchito ya tsikulo.

3. Ndikuthokoza chifukwa cha bata.

Kale pakhomo pathu panali phokoso losayenera dziko lotukuka. Kukamacha apumbwa amakhala atayamba kale kulongolola mumtengo wa mapichesi, atimba ali piringupiringu m'mpanda, mpheta zikulimbirana gaga pamtondo. Masana agulo ankagwedeza mitu yawo pamtengo ngati akuvomereza mfundo za pamsonkhano. Kudimba achule ankaimba osapuma. Zonsezo Chitukuko wazikonza m'miyezi isanu yokha. Anayamba ndi tiana ta m'zisa, topanda nthenga, kenaka anatsatira amawo. Abuluzi amene atsala alibe michira. Panali bilimankhwe mmodzi wokalamba amene ankakhala mumpichesimo, amene ngakhale ana opulupudza ankamulambalala. Ine ndinkati iyeyo yekha amusiya, poti kusintha mtundu ndi luso limene andale ambiri amalilemekeza, koma ayi ndithu, tinamupeza pakhonde la a Kalebe atasintha komaliza.

Tsopano m'mawa kumacha mwaulemu, kopanda wolira. Ndipo poti mbalame ndi abuluzi kulibe, mbozi ndi nsabwe za m'masamba zapeza ufulu wawo wachibadwidwe. Mpiru wanga wasanduka sefa, tomato akugwa asanapse. Debora, amene ankasenza dengu la masamba kukagulitsa kumsika, lero akuthyola bonongwe kuseri kwa makola a eni. Alangizi akuti tigule mankhwala opopera. Ndamva kuti mankhwalawo amagulitsa ndi alamu anu, ndiye ndaona kuti pulani yonseyi munaiganiza mozama.

4. Ndikuthokoza chifukwa cha nkhunda zanga. Apa ndilembe pang'onopang'ono.

Inu munakulira kuno, ngakhale chilankhulo chayamba kukuvutani, ndiye mukudziwa kuti mkamwini alibe chake. Munda ndi wa mkazi. Ana ndi a atsibweni awo. Njerwa ndinaumba ndekha, nyumba ndinamanga ndekha, koma dothi limene yakhalapo si langa. Changa chenicheni pamudzi pano chinali nkhunda. Pobwera kudzakwatira mu 1972, malemu bambo anga anandipatsa ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, ndipo ndinayenda nazo m'kadengu kuchokera ku Ntchisi, kukwera ndi kutsika mapiri, ndikuzimwetsa madzi pachikhatho. Anandiuza kuti kumene ndikupitako ndilibe m'bale wondiikira umboni, ndiye nkhundazo ndizo zizindilankhulira. Chikhulupiriro cha kwathu kuno mukuchidziwa, inunso munachitchula pamsonkhano: nkhunda sizikhala pakhomo pamene pali ndewu ndi mikangano, zimasamuka. Khola likadzaza, mudzi wonse umadziwa kuti m'nyumbamo muli mtendere.

Langa linadzaza, ndinamanga lachiwiri. Tsiku munabweretsa mphaka lija zinalipo makumi anayi ndi zisanu ndi imodzi. Malemu apongozi anga aakazi, amene sankayamikira ngakhale mvula, akakwiya ndi akamwini ena ankawalozera khola langa. Ofuna kukwatira ankabwera kudzapempha ziwiri zoyambira. Sindikunena kuti ine ndi Debora ndife angelo. Iye ali ndi pakamwa, ine ndili ndi kakhalidwe kongoti duu kamene kamamupsetsa mtima. Koma dzanja langa silinamukhudzepo mwa ukali, ndipo mkaziyu ndimamukonda lero kuposa tsiku limene ndinamuona koyamba akuchokera kudambo atasenza mtolo wa tsekera. Zimenezi sindinazinenepo pagulu. Mphaka wanu ndi amene wandichititsa kuzilemba m'nyuzipepala, ndipo pa chimenechinso ndikuthokoza.

Chitukuko anayamba ndi maunda, ana a nkhunda aja osatha kuuluka. Ndinakuta mizati ya khola ndi malata a zitini kuti aziterereka. Ndinamangirira minga ya mthethe. Iye, pokhala wophunzira, anangosiya kukwera. Anayamba kubisala m'zitsamba pafupi ndi phale lomwera madzi, n'kumadikira kuti zitsike zokha. Nkhunda ndi nyama yokhayo imene amadya, mwina chifukwa ndi ndiwo za anthu olemekezeka, ndipo amakadyera kunsi kwa nkhokwe ya a Kalebe, makoswe akuonerera ali pamwamba. Pofika Seputembala zinatsala makumi awiri. Mwezi wathawu zinatsala zisanu ndi ziwiri.

5. Ndikuthokoza chifukwa cha nzeru zimene munaika mwa a tcheyamani anu.

Nditapita kukawadandaulira, chipewa chili m'manja, anandifotokozera mofatsa ngati akuphunzitsa sitandade wani. Anati mphakayu anakhazikitsidwa ndi Olemekezeka pamaso pa anthu, ntchito yake ndi makoswe, ndipo zinalembedwa. Choncho sangadye nkhunda. Ngati sakudya nkhunda koma nkhunda zikutha, ndiye kuti zikusamuka. Ngati zikusamuka, ndiye kuti m'nyumba mwa mwana wa mlongo wawo muli moto. Nditawakumbutsa kuti akhala kuseri kwa mpanda zaka zonsezi osamvapo phokoso, anati chimenecho ndicho choopsa kwambiri, chifukwa ndiye kuti ndimamumenya mwakachetechete.

Debora anapita yekha kukawauza kuti ndi bodza. Anamuyankha kuti akazi omenyedwa onse amatero. Anaonetsa mikono ndi msana kwa amayi a pamudzi, ndipo amayiwo anagwira pakamwa n'kunena kuti ndiye kuti bamboyu ndi katswiri, amamenya mosasiya chizindikiro. Anakwawira kunsi kwa nkhokwe, mzimayi wa zidzukulu ziwiri, n'kutola nthenga ndi timiyendo tofiira todzaza lichero, n'kukatula pamapazi pa atsibweni ake. Iwo anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati nkhunda zikamva chisoni zimadzisosola zokha. Za timiyendoto anati adzafunsa kulikulu.

Tsiku lina mwayi unandigwera. Ndinamuona Chitukuko akudutsa pabwalo masanasana, nkhunda yanga yamawangamawanga ili kukamwa ikuphupha. Ndinafuula, a Kalebe anatuluka, anaona, anthunso anaona. Mumtima ndinati lero ndapulumuka. Iwo anagwedeza mutu mwachisoni n'kuuza anthu kuti aone mmene zinthu zaipira pakhomo panga, mpaka mphaka wa chipani akuchita kuzigwira zothawazo kuti azibweze kwawo. Anawonjezera kuti munthu wonyoza chitukuko amadziwika kumene anavotera. Olemekezeka, ine ndinavotera inu. Ndinakaulula kwa abambo mfumu, koma akuti limenelo silili m'gulu la machimo amene iwo angamasule.

Sindikunena kuti a Kalebe ali ndi diso pa dimba limene ndakhala ndikulithira manyowa zaka makumi awiri, kapena kuti mkamwini wawo watsopano, amene ndi mlembi wa nthambi, alibe polima. Ndani anganene zotere za mtsogoleri?

6. Ndikuthokoza chifukwa cha kukhulupirika kwa mamembala anu, ndipo pano ndiulule cholakwa changa, kuti musamve kwa ena.

Kupha mphaka sindingathe. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti wopha mphaka amadziitanira tsoka pakhomo, ndipo ine tsoka ndili nalo lokwanira. Ndiye ndinachita zimene makolo athu ankachita ndi mphaka wovuta. M'mawa wina kumayambiriro kwa Seputembala ndinamunyengerera ndi usipa, ndinamuika m'thumba, ndinamanga pakaliyala ya njinga, n'kupalasa kulowera cha ku Mvera. Thumbalo linkalemera, ine n'kumati ndi nkhunda zanga zimene zili m'mimbamo. Sindinadziwe kuti ali ndi bere. Ndinamutsitsa kuseri kwa phiri lachitatu, ndinamutsanzika mwaulemu, ndinatembenuka. Chimodzi chokha ndinaiwala, kumasula kansalu ka chipani m'khosi muja.

Membala wina wokhulupirika anamuona m'mbali mwa msewu, anazindikira nsaluyo, anafunsa m'nthambi zoyandikana kuti wasowa ndi wa ndani, n'kukwera naye matola. Akuti mphakayo anakhala kutsogolo ndi dalaivala, amayi oyembekezera ali pamwamba pa matumba. Anafika pamudzi dzuwa likadali pamutu. Ine tayala linaphulika pamiyala ya msewu uja munati mudzaupala, ndipo ndinafika dzuwa likulowa, ndikukankha njinga, n'kupeza anthu atakhala kale pabwalo, Chitukuko ali pamiyendo pa a Kalebe. Mlandu woba katundu wa chipani ndinaulipa ndi nkhuku ziwiri. Koma a tcheyamani anaona patali kuposa pamenepo. Anafunsa kuti bwanji pamalo onse a dziko lapansi ndinasankha ku Mvera, n'kudziyankha okha kuti mphakayo ndimakamupereka kwa chibwenzi changa cha kumeneko.

Anthu atabalalika, Debora anandifunsa kuti munthu wamkulu wa imvi kumutu angataye bwanji mphaka ndi nsalu yake m'khosi. Ndinali nditatopa, mapazi atatupa, ndipo ndinamuyankha mokweza. Nayenso anakweza. Mbale inagwa. Kuseri kwa mpanda wa nkhadze kunali makutu okwanira. Umboni umene unasowa zaka makumi awiri ndi zitatu tinaupereka tokha, ndi pakamwa pathu. Tinakhala pakhonde osayang'anana, ndipo nditamva kuti akulira, nanenso ndinalira.

7. Ndikuthokoza, pomaliza, chifukwa cha Lachisanu lapitali.

Zinali zitatsala ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, monga ndinabwera nazo, ndipo zinali ndi mazira awiri. Mwina munaiwala, koma nkhunda zimasinthana pofungatira: ina ikakhala pamazira, inzake imatsika kukadya. Lachisanu m'mawa yaimuna inatsika kukamwa madzi, ine ndili kumunda kubzala, ndipo sinabwerere. Yaikazi yakhala pamazira yokha masiku anayi tsopano, ikungoitana. A Kalebe akuti nkhunda sizinalankhulepo momveka chotere: yamphongo yachoka, yaikazi yatsala, ndiye ankhoswe angotsatira zimene mbalame zanena. Anatumiza uthenga kwa akulu anga a Isake, ankhoswe a mbali yanga, kuti abwere kuchokera ku Ntchisi. Abwera Lachisanu ngati mtsinje uwalola. Mvula yagwa kale kamodzi. Ikagwanso, ndidzakhala pabwalo ndekha.

Akandisudzula ndidzanyamula khasu, mkeka ndi njinga yopanda tayala. Debora akuti anditsatira, koma kuti? Munda wa malemu mayi anga anagawana alongo anga ndi ana awo, monga mwa mwambo, ndipo ine kumeneko ndilibe ngakhale poimika kachisakasa. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi. Ndikuopa, Olemekezeka. Njala sindikuiopa, ndinaionapo. Ndikuopa kudzuka m'mawa pakhomo pa mlongo wanga, osamva Debora akundinena kuti ndasiyanso khasu panjira.

Tsono nali pempho langa. Mlatho ndausiya, tazolowera kusambira. Mjigo nawo musavutike nawo. Sindikupempha kuti mubwere, chifukwa ndikudziwa kuti msewu wathu sugwirizana ndi galimoto yanu kufikira chaka cha chisankho. Sindikupemphanso kuti mumutenge Chitukuko, ntchito yake watsala pang'ono kuimaliza. Ndikupempha mzere umodzi wokha, pa pepala la ofesi yanu, wonena kuti mphaka amadya nkhunda. Pansi pake musaine, mudinde chidindo. Mwana aliyense amadziwa zimenezi, a Kalebe nawonso akuzidziwa, koma akuti sangavomereze popanda kalata yochokera kumwamba. Kale tinkaona zinthu n'kukhala chete poopa kusowa. Lero tikuloledwa kunena, koma zimene taona ndi maso sizikhala zoona mpaka bwana atadinda. Inki ya mawu atatu amenewo ndi yochepa kuposa imene inathera pachala changa tsiku lokuvoterani.

Ndikudziwa kuti kwa akuluakulu sitipempha chimanjamanja. Chitukuko anaswa ana asanu atangobwera ku Mvera kuja, ndipo akuti bambo wawo ndi mphaka wa nthambi ya kutsidya, kusonyeza kuti chipani chikukula. Dzulo a Felton atabwera kudzatenga matumba a mtedza amene nthambi yathu imakupatsani mwa kufuna kwake, Debora anapereka ganizo kwa atsibweni ake loti zipatso zoyamba za chitukuko zipite kwa mwini wake. A Kalebe anakondwa kwambiri, anati aka n'koyamba kumva mwana wa mlongo wawo akulankhula zanzeru. Anang'amba nsalu okha, anamanga kamphaka kalikonse m'khosi, n'kulamula a Felton kuti akapereke katoniyo m'manja mwa Madamu. Pamene mukuwerenga kalatayi ndiye kuti anafika, ndipo akuzolowera mpanda wanu. Ndi ana abwino, ochangamuka. Analeka kuyamwa ndi nkhunda zanga, ndipo mayi wawo anawaphunzitsa kale pobisala pafupi ndi phale.

Musade nkhawa ndi nkhunda zanu zoyera zija. A tcheyamani anu anatsimikiza kale pamaso pa mudzi kuti amphaka a chipani sadya nkhunda. Zikayamba kuchepa, dziwani kuti zikusamuka, ndipo chimene chimasamutsa nkhunda munatiuza nokha pamsonkhano. A Felton anatiuza, osati mwamiseche, kuti nyumba ya mpandayo inamangidwa pamalo a bambo ake a Madamu, ndi kuti alamu anu alipo anayi, onse odziwa kuwerenga. Zikafika pokhala pansi, a Kalebe ndi okonzeka kubwera kudzathandiza. Luso ali nalo, ndipo amatha kumva ndewu imene eni ake sanaimve.

Pamene ndikumaliza kalatayi, Debora wakhala pansi pa khola ndi ndodo m'manja. Wakhala akuchita zimenezo chiyambire Lachisanu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo ndiwo ndikuphika ndine. Akuti mazira awiriwo aswa basi, ndipo amene akufuna yaikaziyo ayambe wadutsa pa iye. Chitukuko ali padenga la nkhokwe, akumuyang'ana. Sakufulumira.

Choncho, Olemekezeka, ngati mwa nzeru zanu zakuya mungadzapeze kuti mphaka angathedi kudya nkhunda, ndikupempha modzichepetsa kuti muzipeze Loweruka lisanafike, osadikira tsiku limene alamu anu adzayambe kuwerenga. Tumizani pepalalo ndi a Felton. Asavutike kudetsa galimoto, akaime kutsidya kwa mtsinje n'kuliza hutala. Ine ndidzawoloka ndekha, ndipo pobwerera ndidzalisenza pamutu kuti lisanyowe.

Ndine wanu wogwada nthawi zonse,

Bonifasi Kalumbu, amene munamutcha a Fulanki,
Mkamwini mnzanu.

Chala chadindidwa pansipa ndi cha Debora. Akuti ndikuuzeni kuti ndi chomwe chija cha tsiku lovota.